Mukukaona Ndani?

Msewu wochoka pa boma la Chikwawa kulowera kumadzulo umadutsa m'minda ya thonje ndi mapira, pakati pa milambe ndi midzi, mpaka kukafika kwa Chapananga. Ife ozolowera kamphepo ka m'mbali mwa nyanja, dzuwa la kumeneko limatilanga tisanatsike n'komwe m'galimoto. Pamtsinje wa Mwanza pali mlatho umene anthu a deralo adauyembekezera kwa zaka zambiri, koma utangotumikira zaka zochepa, madzi a namondwe wa Ana adauthyola mu Januwale 2022. Munthu ukaima pagombe la mtsinjewo n'kuponya maso kolowera dzuwa, umadziwa kuti kuseri kwa zitunda zimene ukuzionazo ndi ku Mozambique, m'chigawo cha Tete.

Tidapita kumeneko kukacheza ndi mnzathu amene tidaphunzira naye madrasa tili ana, yemwe tsopano amagwira ntchito m'deralo. Tsiku lina madzulo, titaswali Maghrib, tidakhala pabwalo n'kuyamba kukambirana za ulendo umene takhala tikuusonkhera ndalama: kuoloka malire pa Mwanza ndi Zóbuè, kukaona mzinda wakale wa Tete, kutsikira ku Sena, ndipo thumba likalola, kukafika mpaka ku chilumba cha Mozambique, kumene Chisilamu chidafika Apwitikizi asanaonekeko. Agogo ena achikazi oyandikana naye nyumba, amene ankatongola chimanga chapafupi, adamvetsera mpaka tidamaliza. Kenaka adafunsa mofatsa kuti, "Ana anga, kumeneko mukukaona ndani?" Tidayankha mwaulemu kuti sitikukaona munthu ayi, agogo, tikungokaona malo: malinga akale, matchalitchi, mizikiti ndi manda. Agogowo sadatsutse. Adangoti "Ooo," n'kupitiriza ntchito yawo. Koma "Ooo" ameneyo watitsata mpaka kwathu kunyanja, ndipo ndiye watilembetsa nkhaniyi.

Pa chikhalidwe chathu ulendo umakhala ndi mwini wake. Timapita kukazonda wodwala, kukapepesa maliro, kukaona khanda, kukalonjera apongozi. Ngakhale liwu lija loti ziyara, limene kwathu kunyanja ambiri amalidziwa ngati dzina la chisangalalo chokumbukira kubadwa kwa Mtumiki, tanthauzo lake m'Chiarabu ndi kuyendera. Koma kuyenda mtunda wautali kukayang'ana miyala, popanda munthu wokuyembekeza, ndi khalidwe limene taphunzira kwa alendo amene timawaona ku Cape Maclear ndi ku Senga Bay, kapena awo amene amadutsa pa Chikwawa kupita ku Majete kukaona mikango ndi zipembere. Pakokha khalidweli lilibe choipa. Vuto limabadwa pamene dziko limene ukukalionalo lili ndi zipsera zosapola, ndipo anthu amene udzawapemphe kuti akulozere njira ndi omwewo amene adakwirira abale awo m'mbali mwa njirayo.

Anthu a kwa Chapananga ndi a m'Chigwa chonse cha Shire saidziwa Mozambique kudzera m'zithunzi. Nkhondo yapachiweniweni ya pakati pa Frelimo ndi Renamo, imene idayamba cha m'ma 1977 n'kutha pa 4 Okotobala 1992 pamene mbali ziwirizo zidasainirana mtendere ku Rome, idapha anthu pafupifupi miliyoni imodzi. Kuyambira mu 1986 makamaka, anthu adakhamukira kuno wapansi, ena atasenza ana, ena atasenza nkhalamba, mpaka chiwerengero cha othawa nkhondo m'Malawi chidafika pafupifupi miliyoni imodzi. Kudali misasa monga Kunyinda m'boma la Chikwawa, Nyamithuthu ndi Mankhokwe ku Nsanje, komabe ambiri adangolandiridwa m'midzi, chifukwa malire amene azungu adalemba adadutsa pakati pa anthu a magazi amodzi ndi chilankhulo chomvana. Mu 1990 othawa nkhondo pafupifupi 18,000 adadwala matenda osupula khungu amene amadza munthu akamadya chimanga chokhachokha, mtedza utasowa pa chakudya chimene ankalandira. Ambiri adabwerera kwawo pakati pa 1993 ndi 1995, koma manda awo adatsala kuno. Ndipo mu 2016, mfuti zitaliranso m'chigawo cha Tete, anthu ena adathawiranso ku Kapise m'boma la Mwanza. Agogo aja adaona zonsezi ndi maso awo. Kwa iwo, tsidya linalo kuli anthu amene adadya nawo m'mbale imodzi. Tsono kumva achinyamata ovala bwino akuti akupita kukaona malo, kudawamvekera ngati munthu amene walowa pamudzi wamaliro n'kuyamba kuyamikira kamangidwe ka nkhokwe.

Funso lathu tsono ndi ili: kodi n'koyenera kuti Msilamu apite kukaona malo akale ndi malo opatulika m'dziko limene likungodzuka pa nkhondo? Ndipo ngati n'koyenera, kodi ali ndi ngongole yanji kwa eni dzikolo, amoyo ndi akufa omwe?

Mbali yoyamba ya funsoli siyovuta. Qur'an yolemekezeka, m'malo angapo monga mu Sura Ar-Rum, imalimbikitsa anthu kuyenda padziko kuti aone mathero a mibadwo imene idadza iwo asanabadwe. Chipembedzo chathu sichiona bwinja ngati chinthu chachabe. Chimaliona ngati phunziro limene munthu amaliwerenga ndi mapazi. Ngakhale kuyendera manda, kumene Mtumiki Muhammad, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, adayamba wakuletsa, pambuyo pake adakuloleza chifukwa kumakumbutsa za tsiku lomaliza. Choncho amene amati Msilamu alibe chokafuna pa linga lakugwa kapena pamanda a anthu achilendo, akuchepetsa chimene Buku lathu lidachikuza.

Mbali yachiwiri ndiyo yolemera, ndipo pa iyo tili ndi chitsanzo chimene masheikh athu amachidziwa bwino. M'chaka cha 9 cha Hijra, chimene ndi 630, Mtumiki ali pa ulendo wa ku Tabuk adadutsa ndi Maswahaba ake pa Al-Hijr, mudzi wa anthu a Thamud amene ankasema nyumba m'mapiri. Malinga ndi zimene zidalembedwa mu Bukhari ndi Muslim, iye adawauza kuti asalowe m'nyumba za anthu amenewo pokhapokha akulira, kuopa kuti chimene chidawagwera chingagwerenso iwo. Adafunda kumutu n'kufulumiza ngamira yake, ndipo madzi amene anthu adatunga m'zitsime za pamalopo adalamula kuti atayidwe. Lero malo omwewo, amene akutchedwanso Hegra, ndi amodzi mwa malo amene Saudi Arabia ikuitanira alendo, ndipo bungwe la UNESCO lidawalemba m'kaundula wake mu 2008. Anthu amapita kukajambulitsa pamakomo osemedwawo akumwetulira. Sitikuwaweruza, koma tikuona kutalikirana kwa nkhope ziwirizo: ina yofunda ndi mantha, ina yoyang'ana foni.

Komabe tichenjere ndi chitsanzochi, chifukwa chili ndi malire ake, ndipo amene sawaona malirewo amagwa m'tchimo lina. Anthu a Thamud adaonongeka chifukwa cha kudzikweza kwawo. Anthu amene adafera m'midzi ya Tete ndi Mutarara sadali kulandira chilango cha machimo awo. Adali alimi, amayi ndi makanda amene adachitiridwa nkhanza ndi anthu onyamula mfuti. Pali kamtima kena kamene kamakonda kuona tsoka la mnzake ngati umboni wa kulungama kwake. Tidakamva kamtima kameneka pamene namondwe wa Freddy adakokolola midzi mu Marichi 2023, ena n'kumanong'ona kuti anthu akumeneko adachulutsa machimo. Munthu wotere akaima pa bwinja la nkhondo amabwerako atanenepa ndi kunyada, pamene adayenera kubwerako atachepa. Chimene tikutenga pa Al-Hijr si chakuti aliyense wogwa m'tsoka ndi wolangidwa, koma chakuti Mtumiki sadalole kuti malo a chionongeko asanduke malo osewerera, ndipo mantha amene adaphunzitsa adali oyang'ana mkati mwa munthu mwini.

Taganizirani za Wiriyamu, kufupi ndi mzinda wa Tete. Pa 16 Disembala 1972, nthawi ya nkhondo yomenyera ufulu, asilikali a Apwitikizi adapha anthu wamba pafupifupi 400 m'midzi ya kumeneko. Nkhaniyi ikadakwiririka, koma ansembe a Katolika amene ankatumikira m'deralo adasonkhanitsa umboni, ndipo wansembe wina wa ku England, Adrian Hastings, adaiulula m'nyuzipepala ya The Times mu Julaye 1973. Padatenga zaka pafupifupi 50 kuti nduna yaikulu ya dziko la Portugal, António Costa, ipepese poyera mu Seputembala 2022. Pamalopo pali chipilala chachikumbutso. Kodi ife tikafika pamenepo tikaima bwanji? Anthu amene adafera pamenepo sadali Asilamu, ndipo amene adaika moyo wawo pachiswe pofalitsa choonadi adali ansembe a mpingo wina. Koma timakumbukira kuti tsiku lina maliro a Myuda akudutsa, Mtumiki adaimirira, ndipo atauzidwa kuti malemuyo adali Myuda, adawakumbutsa kuti nayenso adali munthu. Ngati iye adaimirira chifukwa cha mzimu umodzi, ife sitingafike pa mazana anayi tikutafuna chingamu.

Ku Sena nkhani imatikhudza mwa njira ina. Apwitikizi asanakhazikike m'mbali mwa Zambezi m'zaka za m'ma 1530, ku Sena ndi ku Tete kudali kale amalonda a Chisilamu ochokera kugombe la nyanja yamchere, amene ankagula golide ndi minyanga kuchokera ku ufumu wa Mwenemutapa. Cha m'ma 1571 kudafika gulu lankhondo lotsogozedwa ndi Francisco Barreto, lofuna migodi ya golide komanso kubwezera imfa ya wansembe Gonçalo da Silveira, amene adaphedwa ku likulu la Mwenemutapa mu 1561. Asilikali atayamba kufa ndi malungo, ndipo akavalo atayamba kugwa ndi matenda a m'chigwacho, mlandu udagwera Asilamu a pa Sena kuti ndiwo akuthira chiphe. Adagwidwa n'kuphedwa mwankhanza zosaneneka. Zimenezi tikuzidziwa chifukwa wansembe wina amene adali nawo pa ulendowo, Francisco Monclaro, adazilemba yekha mosabisa.

Mlendo akafika ku Sena lero amaonetsedwa chipata chotsala cha linga la São Marçal, ndi mlatho wa sitima wa Dona Ana, wa makilomita oposa atatu ndi theka, umene udamangidwa m'zaka za m'ma 1930 kulumikiza dziko lathu ndi doko la Beira, n'kuphwasulidwa pa nkhondo m'zaka za m'ma 1980, kenaka n'kukonzedwanso. Za amalonda aja palibe mwala umene umamuitana kuti aime. Apa pali chinthu chimene woyenda aliyense ayenera kuchisunga: chimene chimatsala kuti alendo achione nthawi zambiri ndi cha amene adali ndi mphamvu zomangira ndi miyala. Wosauka amamanga ndi mitengo ndi dothi, ndipo chiswe ndi mvula zimafafaniza mbiri yake. Amene amangoyang'ana chimene chaima amabwerako atamva mbali imodzi ya mlandu.

Pamenepa ndiye pali msampha wathu ife Asilamu, ndipo tiuneneretu poyera. N'kosavuta kusandutsa ulendo wotere kukhala wokatolera madandaulo athu okha: pano adatipha, apo adatilanda malonda, uko adatseka madrasa. Zonsezo n'zoona. Koma tisanaoloke malire, tiime kaye kwa Chapananga komweko, pakati pa Amang'anja, n'kufunsa kuti iwo amakumbukira chiyani za anthu ochokera kumtunda ndi kunyanja. M'zaka za m'ma 1860 chigwa chimenechi chidasanduka manda. Kumwera kunkachokera ogula akapolo a mbali ya Apwitikizi monga Mariano, amene anthu ankamutcha Matekenya. Kumapiri kunkatsikira nkhondo za Ayao, amene nawonso adali atakankhidwa kwawo. Pamwamba pa zonsezi padagwa chilala ndi njala ya 1862 ndi 1863, pamene David Livingstone adaona mitembo ikuyandama mu Shire. N'zoona kuti panthawiyo Ayao ambiri adali asanalowe Chisilamu, pakuti mfumu Makanjila adalowa cha m'ma 1870. Koma malonda a anthu sadathe pamene mafumu adayamba kuswali. Kwa Jumbe ku Nkhotakota, kwa Mponda ndi kwa Makanjila, akapolo adapitiriza kuoloka nyanja mpaka m'zaka za m'ma 1890.

Sitikunena izi kuti mwana asenze tchimo la agogo ake, pakuti chipembedzo chathu chimaphunzitsa kuti aliyense adzasenza mtolo wake. Ndiponso ambiri a ife, tikafufuza bwino mibadwo yathu, tipeza kuti tili ndi magazi a ogulitsa ndi a ogulitsidwa omwe. Tikuzinena chifukwa munthu amene amalira pa Sena koma n'kuuma maso pa Chikwawa sakulira chifukwa cha chilungamo, akulira chifukwa cha mtundu wake. Mantha aja a pa Al-Hijr, oti chimene chidagwera ena chingatigwere, ali ndi nkhope ziwiri. Tikhoza kudzakhala ophedwa, ndipo tikhozanso kudzakhala opha. Asilikali a pa Wiriyamu adali ana a anthu, obadwa kwa amayi amene ankawapempherera.

Ndipo nkhani ya kupha m'dzina la chipembedzo si ya makedzana okha. Kuyambira mu Okotobala 2017, pamene zigawenga zidaukira tauni ya Mocímboa da Praia, chigawo cha Cabo Delgado chakhala pamoto. Anthu amene amadzitcha omenyera Chisilamu apha anthu wamba, ambiri mwa iwo Asilamu anzawo, ndipo mazana a zikwi athawa m'midzi yawo. Mwamuna wovala kanzu ndi kofia akamaoloka malire a Mozambique masiku ano, adziwe kuti maso ena amuyang'ana kawiri. Zimapweteka, koma kukwiya sikuthandiza, chifukwa mantha a anthuwo ali ndi pochokera. Za kupita ku Cabo Delgado kwenikweniko kukaona malo, ife tikuti ayi. Kumene anthu akuthawa sikumene mlendo amapita ndi kamera. Akakagwa m'mavuto adzakhala mtolo kwa anthu amene ali kale ndi mitolo yawo, ndipo Allah sadatilole kudziponya tokha m'chionongeko. Ku Tete ndi ku Sena n'kosiyana: mgwirizano wina wamtendere udasainidwa mu Ogasiti 2019, ndipo mu 2015 dzikolo lidalengeza kuti lachotsa mabomba onse okwiriridwa pansi amene ankadziwika malo ake.

Nanga malo opatulika a anthu ena? Funsoli silidikira kuti tioloke malire. Ku Nsanje kuli nkhalango ya Khulubvi, kumene kuli kachisi wa Mbona, amene Amang'anja akhala akupitako kukapempha mvula kwa mibadwo yambiri, ndipo ufumu wa Lundu umalumikizana ndi kachisiyo. Kutsidya kuli mishoni ya Boroma, imene ansembe a Jesuit adamanga pachitunda choyang'ana Zambezi kumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Msilamu sapempha mvula kwa wina aliyense kupatula Allah, ndipo sagwadira chifanizo. Pa zimenezi palibe kukambirana. Koma kukana kupembedza si chilolezo chonyoza. Mu Sura Al-An'am tidaletsedwa kutukwana zimene ena amapembedza, ndipo mu Sura Al-Hajj nyumba za amonke, matchalitchi ndi masunagoge zidatchulidwa pamodzi ndi mizikiti monga nyumba zimene zikadagumulidwa Allah akadapanda kuletsa anthu ena kudzera mwa anzawo.

Ku Khulubvi munthu salowa mwachisawawa. Amapempha kwa osunga malowo, amavula nsapato, ndipo pali malamulo a kavalidwe. Ife amene timavula nsapato pakhomo la mzikiti kasanu patsiku sitiyenera kudabwa nazo. Ngati chimene akutipempha ndi ulemu chabe, tichite. Ngati chafika pa kupereka nsembe kapena kutenga mbali pa mapemphero, tinene mofatsa kuti pamenepo chipembedzo chathu sichitilola, ndipo tiime kunja. Kuima kunja mwaulemu kumaposa kulowa mkati ukuseka chamumtima. Ndipo tili kunjako tikhoza kuona chinthu chochititsa manyazi pang'ono: nkhalango imeneyo yaima chifukwa eni ake amaopa kudulamo mtengo, pamene mapiri ambiri a kwathu, kumene timamva adhana tsiku ndi tsiku, tawameta mpala chifukwa cha makala.

Pali chinthu china chimene alendo amachichita mosazindikira, ndipo mwina ndicho chopweteka kuposa zonse: kufunsa. Mozambique itatha nkhondo mu 1992 idasankha kukhululukira onse amene adamenya nkhondo, ndipo sidakhazikitse bwalo loululirako zoipa monga idachitira South Africa. M'midzi yambiri anthu adalandira ana awo obwera kunkhondo ndi miyambo yowasambitsa, n'kugwirizana kuti zakale zisamatchulidwe. Wina akhoza kunena kuti chilungamo chidaphonyedwa, ndipo mwina sakulakwa. Koma zotsatira zake n'zakuti wopha ndi wophedwera m'bale amagula pamsika umodzi, ndipo chimene chawasunga ndi chete ameneyo. Tsono mlendo wa masiku atatu akafika n'kuyamba kufunsa kuti kodi adawotcha tchalitchi ichi ndani, kodi bambo anu adali mbali iti, akukanda chilonda chimene sadzakhalapo kuti achimange. Akuluakulu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mamewo akamuka, koma mwini mudzi atsala ndi usiku wosagona. Ngati mwini nkhani wafuna yekha kufotokoza, timvetsere mpaka amalize, osayang'ana wotchi, osayatsa foni. Ngati sadafune, sitidalipire chilichonse chimene chingatipatse ufulu pa misozi yake.

Za ndalama tinene mwachidule. Pachilumba cha Mozambique, chimene dzina lake akuti lidachokera kwa sheikh wa pamalopo, Mussa bin Bique, ndipo chidali likulu la Apwitikizi mpaka 1898, alendo amathamangira kumbali ya nyumba zamiyala kukaona linga la São Sebastião ndi katchalitchi ka Nossa Senhora de Baluarte ka mu 1522. UNESCO idalemba chilumbachi m'kaundula wake mu 1991, nkhondo isanathe n'komwe. Koma anthu ambiri, amene ochuluka ndi Asilamu, amakhala mothinana kumbali ina yotchedwa Macuti, imene idadzaza kwambiri pamene anthu ankathawa nkhondo kumtunda. Mlendo akhoza kugona, kudya ndi kujambula kumbali yamiyala, n'kuchoka osasiya kanthu m'manja mwa anthu a ku Macuti kupatula fumbi. Ife timadziwa bwino mmene zimawawira, chifukwa kwathu kugombe la nyanja taona malo ogona alendo akutchinga madoko amene makolo athu ankakocheza mabwato. Tisakachite kwa eni chimene timadandaula kwathu. Ndipo luso lathu lija lonenerera mtengo, limene timalinyadira pamsika wa usipa, tikalisiye pa Zóbuè. Kupanikiza mayi wogulitsa mikeka mpaka atagulitsa moluza si kuchenjera.

Mmodzi wa ife, amene ndi wamkulu pagulu lathu, adatsutsa ulendo wonsewo. Iye adati ndalama zimene tasonkhazo zikadagula malata a banja lina limene nyumba yake idagwa ndi madzi kwa Chapananga komweko, ndipo pa Tsiku la Kiyama sitidzafunsidwa za malinga amene tidaona koma za anjala amene tidawadutsa. Mawu amenewa sitidawapeze poyankhira msanga, ndipo mpaka lero sitikuti adalakwa. Munthu amene ali ndi ngongole, kapena amene m'nyumba mwake mulibe ufa, kapena amene sadapereke zakaat, alibe chifukwa chopitira kukaona Sena. Koma tidaonanso kuti mtsutso umenewu, ukautsata mpaka kumapeto, umatseka ulendo uliwonse wofuna maphunziro, ndipo umasiya mbiri yathu m'manja mwa ena kuti azitiuza. Ana athu amadziwa za Makka, Madina ndi Al-Quds, ndipo n'koyenera. Koma ndi angati amene amadziwa kuti adhana idamveka m'mbali mwa Zambezi zaka zoposa mazana anayi zapitazo, pa mtunda umene basi imayenda tsiku limodzi? Mwana amene sadziwa zimenezi ndiye amagwa msanga m'manja mwa mlaliki wa pa intaneti amene amamuuza kuti Chisilamu cha makolo ake n'chachabe ndipo chenicheni chimadza ndi mfuti. Tidagwirizana kuti gawo lina la ndalamazo litsale kwa Chapananga, ndipo chilumba cha Mozambique chidikire chaka china. Wamkulu wathuyo adavomera, ngakhale nkhope yake idaonetsa kuti adangotilekerera.

M'mawa wa tsiku lonyamuka tidapita kukatsazika agogo aja. Tidakhala pamphasa n'kuwafunsa ngati kutsidyako kuli munthu amene angakonde kuti tikamuone. Adakhala chete kwa kanthawi. Kenaka adatchula mudzi wina wa m'chigawo cha Tete, ndi dzina la mayi amene adafika pakhomo pawo mu 1987 ali ndi ana atatu, n'kukhala nawo zaka zisanu ndi ziwiri. Mwana mmodzi mwa atatuwo adamwalira ndi matenda otsegula m'mimba, ndipo ali m'manda a banja la agogowo, pansi pa mtengo wa bwemba. Mayiyo adabwerera kwawo mu 1994, ndipo kwa zaka zingapo moni unkadutsa kudzera mwa anthu ogulitsa mbuzi, kenaka udaleka.

Adalowa m'nyumba n'kutuluka ndi kathumba ka mapira ndi chitenje chimodzi chimene chidali chisanavalidwe. Adati tikampeza timpatse, ndipo timuuze kuti manda a mwana uja amalambulidwa chaka ndi chaka. Tikapeza kuti adatisiya, tipatse ana ake. Mudziwo suli panjira imene tidajambula papepala lathu. Tidzayenera kutsika basi tisanafike ku Tete, n'kufunsa njira kwa anthu, mwina n'kugona kumeneko. Kathumbako kali m'chikwama, pamodzi ndi mapasipoti, kudikira kuti mvula ithe.